Husna Sanapite ku Ludlow

Husna anali asanapondepo ku England, koma ankadziwa masiku a msika wa ku Ludlow: Lolemba, Lachitatu, Lachisanu ndi Loweruka. Ankadziwanso kuti ukapitirira msikawo umafika pa nyumba yakale ya mafumu, ya malinga amiyala ogumuka mwina ndi mwina, ndipo kuti kumunsi kwake kumadutsa mtsinje wa Teme. Zonsezi anaziphunzirira ku Al Barsha, mumzinda wa Dubai, m'nyumba ya bwana Gilbert Rogers, mmene kwa zaka zinayi ankasamalira mayi awo a bwanayo.

Mayi Rogers anali ndi zaka 81. Kwawo kunali ku Shropshire, chakumalire a England ndi Wales, ndipo kwa zaka makumi atatu anali ndi kashopu ka nsalu ndi ulusi m'tauni ya Ludlow. Atadwala sitiroko, mwana wawo anakawatenga kuti adzakhale naye ku Dubai. Husna, mayi wa ku Ntaja amene anasiya mwana wake wamkazi kusukulu yogonera ku Zomba, anayamba ntchito m'nyumbamo mwezi womwewo, mayiwo asakutha ngakhale kugwira supuni.

Adokotala anati aziyenda tsiku lililonse. Kunja dzuwa linali losayendeka, choncho kuyendako kunali kwa m'nyumba, kuchoka kuchipinda kukafika kukhitchini n'kubwerera, ndipo mayiwo ankadana nako. Tsiku lina atakaniratu kudzuka, Husna anawafunsa kuti kuchoka pashopu yawo kupita kumsika ankadzera pati. Anayamba kufotokoza, ndipo pofotokozapo anadzuka kuti aloze ndi dzanja. Kuyambira pamenepo ankayenda akukamba. Mayiwo ankatchula misewu, mashopu, mayina a anthu ogulitsa tchizi ndi mazira, ena a iwo omwalira kalekale, Husna atawagwira m'chiuno. Pomatha chaka chachiwiri ankayenda ndi ndodo, njinga ya odwala ankangoifuna akamapita kutali.

M'nyumbamo munali wantchito wina, Amira, mwana wa azakhali ake a Husna. Amira anayamba wagwira ntchito ku Sharjah, kwa anthu amene ankamutsekera m'nyumba ndi kumulanda foni. Husna ndiye anachonderera madamu Lindiwe, akazi a bwana Gilbert, kuti amulembe ntchito yokonza m'nyumba ndi kuphika. Madamu anali a ku South Africa, munthu wosachedwa kukayikira, ndipo anavomera pokhapokha Husna atanena kuti akumudziwa mwanayo kuyambira ali kumsana, chilichonse chimene angalakwe adzafunse iyeyo. Awiriwo ankagona chipinda chimodzi kuseri kwa khitchini, ankaswali pa mkeka umodzi mosinthana, ndipo m'mwezi wa Ramadhani ankadzutsana.

Mu Malichi, bwana Gilbert analengeza pa tebulo la kadzutsa kuti adokotala alola mayi awo kukwera ndege. Mu Julayi banja lonse lidzapita ku Shropshire kwa milungu itatu, ndipo Husna adzapita nawo. Mayi Rogers anangogwira dzanja la Husna amene anali ataima pambali pawo ndi mankhwala.

Ulendowo anaukonza ndi awiriwa. Mayiwo anali ndi mapu akale opindapinda, ong'ambika m'mizere, ndipo masana alionse ankawayala pa tebulo. Husna anagula kope. Anayamba ndi manda a bambo Rogers, malemu amuna awo a mayiwo, pa katchalitchi ka m'mudzi wina pafupi ndi Ludlow, chifukwa mayiwo anali asanawaone manda amenewo mwala utaikidwa. Kenako msika. Kenako mlatho wakale wachitsulo wa ku Ironbridge, kasitima kokwera phiri ka ku Bridgnorth, chigwa cha Carding Mill kumene mayiwo ankati nkhosa zimabwera kudzanunkhiza chakudya cha alendo, ndi tauni ya Shrewsbury imene mtsinje umaizungulira pafupifupi mbali zonse. Malo ena anawafufuta. Nyumba ina yakale imene mayiwo ankaikonda anapeza kuti ndi ya masitepe okhaokha, ndipo anagwirizana kuti akangoionera pabwalo. Husna ankaimba foni ya m'nyumba ku malo amenewa, kufunsa m'Chingerezi chake chapang'onopang'ono ngati njinga ya odwala ingalowe, chimbudzi chili pati, galimoto ingaime pafupi bwanji. Zonse ankalemba. Masiku awiri oyenda, lachitatu lopuma.

Tsiku lina la ofu anapita ndi Amira ku Al Rigga kukagula jekete. Anayesa asanu, Amira akumuseka kuti akuoneka ngati mlonda wa pa geti. Anasankha labuluu, lofika m'mawondo. Pobwerera m'sitima, Husna sanasiye kukamba za nkhosa ndi mvula ya m'mwezi wa Julayi, ndipo Amira ankamvetsera akuyang'ana pawindo.

Lachisanu lina mu Meyi, Husna akudikira basi pa dzuwa la masana, thukuta likutsika ndi msana, anamutumizira Amira uthenga wa mawu pa foni.

"Iwe Amira, dzuwa ili landikwana. Ndikangokwera ndege ija, khalas, zatha, Dubai azidzandionera pa chithunzi. Ndikakhala kuphiri ndi nkhosa za mayi Rogers."

Anamaliza ndi kuseka, basi inafika, ndipo anaiwala.

Pasipoti yake anali ataipereka kwa bwana Gilbert mu Epulo kuti akonze za viza. Ankadikira tsiku lokadinda zala. Atafunsa koyamba anamuuza kuti sabata yamawa. Atafunsanso anati ofesi yadzaza, anthu ambiri akupita kutchuthi. Kachitatu bwana anayankha akuyang'ana pa foni, ndipo Husna anachita manyazi kufunsanso.

Kutatsala masiku khumi, madamu Lindiwe anamuitanira pabalaza. Anati pepani, viza yake yachedwa, sizithekanso. Mwamwayi anapemphanso ya Amira kuti mwina zingavute, ndipo ya Amira yatuluka. Apita ndi Amira. Husna atsale aziyang'anira nyumba.

Husna anati wamva. Anapita kuchipinda n'kupeza Amira atakhala pa bedi, akulira. Amira anati sanadziwe kuti zifika pamenepa, madamu anangomutenga tsiku lina, ndipo ngati achemwali akufuna akhoza kukana. Husna, mtima ukumuwawa choncho, ndiye anayamba kutonthoza mnzake. Anamuuza kuti asakane, mayiwo sangapite opanda munthu.

Mayi Rogers anakwiya kwambiri. Anakana chakudya chamasana ndipo ananena kuti ulendo uimitsidwe mpaka viza ituluke. Bwana Gilbert anati matikiti anagulidwa kale, nyumba yokafikira anasungitsa kale. Husna yemweyo ndiye anawanyengerera, kuwakumbutsa za manda.

Masiku khumi amenewo anawathera kuphunzitsa Amira. Mmene angawadzutsire pa mpando osawakoka dzanja lofooka. Mapiritsi a m'mawa ndi a madzulo. Anamuuza kuti mayiwo sadzanena okha kuti akufuna kuchimbudzi pamaso pa anthu, uyenera kuwafunsa chapansipansi maola awiri alionse, ndipo ukaona akusisita bondo usadikire. Anamupatsa kope lija. Tsiku lonyamuka anatulutsa jekete labuluu, likadali ndi pepala la m'shopu, namuveka.

"Ukajambule zambiri, ndizionera pompano," anatero.

"Inshallah, achemwali."

Nyumba inatsala zii. Husna ankathirira maluwa, kupukuta fumbi limene mphepo yotentha inkalowetsa pansi pa zitseko, n'kumadikira zithunzi. Zinkabwera. Mayi Rogers pa manda, atagwira maluwa oyera. Amira pa mlatho wachitsulo, atavala jekete lija. Msewu wopapatiza wa mipanda ya zitsamba mbali zonse, ndi minda yobiriwira mpaka kumapiri. Husna ankakuza chithunzi chilichonse ndi zala, kuyang'ana ngati mayiwo avala masokosi, ngati bulangeti lili pamiyendo. Kawiri Amira anaimba kufunsa za mankhwala, ndipo Husna anamuyankha mofatsa.

Tsiku lachisanu ndi chinayi la ulendowo linali Lachitatu. Cha m'ma 3 koloko masana, Husna akusita makatani, foni inalira, ya vidiyo. Anali mayi Rogers, atavala chipewa cha dzuwa, Amira ndiye atagwira foni. Kumbuyo kwawo kunali msika wa ku Ludlow. Husna anauzindikira asanauzidwe: matebulo a madenga ansalu, mulu wa tchizi, timabasiketi ta zipatso zofiira, ndi chipata cha nyumba ya mafumu chakumapeto. Mayiwo anamuuza Amira kuti atembenuze foni, amuonetse Husna msewu wotsetsereka umene unali ndi shopu yawo. Anati pano akugulitsamo khofi, ndipo mtsikana wogulitsayo sanamvepo dzina lawo. Husna anaseka, misozi ili m'maso. Anawafunsa ngati wa mazira uja akadalipo. Anati alipo mdzukulu wake, mphuno yomweyo.

Kenako nkhope ya mayiwo inasintha.

"Husna, ndikufunse. Mwamuna wa ku Leicester uja ndi ndani?"

Husna anaganiza kuti sanamve bwino.

"Mwamuna uti, Mama?"

"Amene umafuna kuthawira kwa iye. Gilbert wandiuza dzulo, nditamutopetsa ndi mafunso. Akuti viza yako sinachedwe ayi, sanaipemphe n'komwe. Amira ndiye anawachenjeza. Ine ndikufuna ndimve kwa iwe. Ukanandisiya pati? Pabwalo la ndege?"

Chithunzi chinagwedezeka. Husna anaona mitambo, nsonga ya tchalitchi, kenako chala cha munthu, foni n'kuduka.

Anaima pomwepo mpaka anamva fungo la nsalu ikupsa. Anazimitsa simbi. Anaimba, osayankhidwa. Anaimbanso kanayi. Analemba uthenga wofunsa Amira kuti zimene anena mayizi n'chiyani, ndipo anaona kuti wawerengedwa nthawi yomweyo. Yankho linabwera patapita ola: "Tidzakamba ndikabwera achemwali."

Anakhala pansi kukhitchini, atatsamira kabati. Ku Leicester sankadziwako munthu, ngakhale pa mapu a mayi Rogers dzinalo panalibe. Anayamba kukumbukira zinthu zimene anaziona osaziganizira. Tsiku lina mu Meyi Amira anachoka ndi madamu m'mawa, akuti dzino lamuvuta akukalichotsa, koma madzulo ake anali akukukuta mtedza wokazinga. Foni yake anayamba kugona nayo pansi pa pilo. Ndipo panali kulira kuja pa bedi. Husna anakumbukira mmene anamusisitira msana. Chimene chinamupweteka kuposa zonse sichinali cha Amira. Linali funso la mayiwo. Munthu amene anamusambitsa zaka zinayi, amene ankamudziwa ndi kapumidwe komwe, anafunsa ngati munthu amene wayamba kale kukhulupirira.

Lachinayi lonse sanamve kanthu. Lachisanu madzulo dzuwa lisanalowe, bwana Gilbert anaimba. Sanapereke moni.

"Amira ali kuti?"

Husna anati adziwa bwanji, pamene iye ali ku Dubai. Bwana anafotokoza mwaukali, mawu akudukaduka. Anapita ku Shrewsbury monga mwa kope. Iwo ndi madamu anawasiya mayi ndi Amira pa malo omwera tiyi mumsika, kuti akaone tchalitchi chakale kutsidya kwa mlatho. Amira anawauza mayiwo kuti akupita kuchimbudzi. Anakoleka chikwama cha mankhwala pa njinga, kope analiika pa tebulo, ndipo sanabwerere. Pasipoti yake anali ataitenga kale m'chikwama cha madamu m'mawa. Mayiwo anakhala pamenepo pafupifupi maola awiri. Wogulitsa tiyi ndiye anaona kuti sizili bwino, natsegula kope, n'kupeza nambala ya bwana pa tsamba loyamba.

Husna anafunsa chinthu chimodzi chokha, ngati mayi anathandizidwa kupita kuchimbudzi. Bwana anati anawapeza atanyowa, ataphimba miyendo ndi bulangeti, osafuna kuyang'ana munthu.

"Ndi m'bale wako," anatero bwana. "Unamubweretsa ndiwe. Usandiuze kuti sukudziwa kanthu."

"Bwana, dzana ndinali wothawa ndine. Lero ndine wothawitsa?"

Bwana anati adzakamba akabwera, n'kudula.

M'mawa mwake Husna anaimbira azakhali ake ku Ntaja, akuopa mmene angawauzire kuti mwana wawo wasowa m'dziko la eni. Azakhaliwo sanadabwe. Anati Amira waimba kale, wafika bwino, ali ndi Jamilu. Husna anafunsa kuti Jamilu ndiye ndani. Anati ndi mnyamata wa ku Liwonde amene ali ku Leicester, ku England, chaka chachisanu, akwawo anabwera kudzaonekera Ramadhani isanayambe, nkhani ya ukwati inakambidwa kale. Anawonjeza kuti iye Husna asachite nsanje, ali ndi ntchito yabwino, azungu amamukonda, mnzake analibe poyambira. Husna anafunsa ngati akudziwa zimene Amira anamunenera kwa mabwana. Azakhali anati zimenezo ndi za ku Dubai, iwo sangazidziwe, koma pachibale anthu amakhululukirana. Anafunsanso ngati kumeneko kukutentha.

Banja linabwerako sabata imodzi nthawi isanakwane. Chigwa cha nkhosa sanapiteko, ku Bridgnorth sanapiteko, chifukwa kuyambira tsiku la ku Shrewsbury mayi Rogers anakana kutulukanso m'nyumba. Anatsika m'galimoto ataonda, ndipo ndodo sanaifune, anapempha njinga. Husna anawalandira pakhomo, nawalowetsa, nawavula nsapato. Mapazi anali otupa. 

Tsiku lotsatira anapempha kulankhula ndi bwana ndi madamu. Anakhala pabalaza, iye ataima. Anafunsa kuti Amira anawauza chiyani. Madamu Lindiwe anatulutsa foni n'kutsegula uthenga umene Amira anawatumizira, ndipo Husna anamva mawu ake omwe, phokoso la magalimoto kumbuyo: dzuwa ili landikwana, ndikangokwera ndege ija. Madamu sankamva Chichewa. Amira anawamasulira kuti Husna akunena kuti akakwera ndege sadzabwereranso ku Dubai. Za nkhosa sanamasulire. Anawaonetsanso mauthenga a mwamuna wa nambala ya ku England pa foni yake, onena za siteshoni ya sitima ndi tsiku lokumana, n'kunena kuti Husna amabwereka foniyo kuti asagwidwe. Anawapempha akulira kuti asamufunse, chifukwa akadziwa kuti waulula, kwawo sadzamulandiranso.

Husna anamasulira uthenga wonse, liwu ndi liwu, mpaka pa nkhosa. Madamu anayang'ana pansi.

"Munali ndi miyezi iwiri," anatero Husna. "Ndimakupatsani tiyi m'mawa uliwonse. Simukanandifunsa?"

Madamu anati anachita mantha, amva nkhani zambiri za antchito othawa, ndipo udindo ukanagwera iwo. Anati pepani, koma anatero akuyang'ana amuna awo. Bwana Gilbert anati zonsezo wamva, komabe n'zovuta kukhulupirira kuti anthu ogona chipinda chimodzi, pachibale, wina angakonze zotere mnzake osadziwa. Anati sakumuimba mlandu, akungonena mmene zikuonekera.

Pamenepo Husna anapempha pasipoti yake, imene inali kwa bwana kuyambira Epulo. Bwana sanadzuke msanga. Anayang'ana madamu, nafunsa kuti akuifuna yachiyani panopa. Husna anangoima pomwepo akudikira. Patapita kanthawi bwana anapita kuchipinda, anabwera nayo n'kuiika pa tebulo m'malo momupatsa m'manja. Husna anaitola, ndipo asanatuluke anawauza kuti ayambe kufuna munthu wina. Adzakhala mpaka munthuyo aphunzire ntchito.

Mayi Rogers anailankhula nkhaniyo patapita masiku atatu, Husna akuwapukuta msana atawasambitsa. Anayamba ndi za manda. Anati mwala ndi wabwino, koma dzina lachiwiri la amuna awo analilemba mopanikiza, ndipo udzu wa m'mbali palibe amaudula. Kenako anati pa msika paja sanafunse bwino.

"Ndinakhulupirira, Husna. Masiku atatu. Sindikufuna kukunamiza."

"Ndinamva m'mawu anu, Mama."

Mayiwo anati Gilbert ndi mwana wawo, sanayembekezere kuti angawauze chinthu chimene sanachifufuze. Anati atakhala pa tebulo paja ku Shrewsbury, anthu akudutsa ndi mabasiketi, anadziwa asanauzidwe ndi munthu kuti analakwitsa. Anamupempha kuti asachoke. Anati alankhula ndi Gilbert, apepese bwinobwino, ndipo chaka chamawa adzapita awiriwiri kukamaliza malo otsala.

Husna anawaveka diresi, kuyamba ndi dzanja lofooka. Ankawakonda mayiwo, ndipo ankadziwa kuti chaka chamawa sadzakweranso ndege. Anafuna kunena kuti chabwino, akhala. Koma anaganiza za m'mawa uliwonse wodzapereka tiyi kwa anthu amene anamuyang'ana miyezi iwiri akudziwa zimene iye sankadziwa, akumuona akuimba mafoni ndi kulemba m'kope. Anawauza mayiwo kuti sangathe. Mayiwo sanakakamize. Anapempha kuti awapese tsitsi, ndipo Husna anawapesa nthawi yaitali kuposa masiku onse.

Wolowa m'malo mwake anali namwino wa ku Philippines, mayi wodekha wodziwa ntchito. Husna anakhala naye milungu isanu. Anayesetsa kuti mayi Rogers ayambirenso kuyenda, koma ankangofika pa chitseko cha chipinda n'kunena kuti atopa, ndipo za Ludlow sankazitchulanso. Husna anachoka kumapeto kwa Seputembala. Madamu anamulembera kalata yabwino yomuchitira umboni. Bwana anali kuntchito.

Anapeza ntchito ku kampani yotumiza osamalira odwala m'makomo. Ankagona ku Dubai Investments Park, m'chipinda cha anthu anayi, ndipo basi ya kampani inkawatenga m'mawa kukawatula m'nyumba zosiyanasiyana. Mwezi woyamba ankaimbira namwino uja Lamlungu lililonse kufunsa za mayi Rogers. Kenako anayamba kumuimbira mwa apo ndi apo. Kwa azakhali ake sanaimbenso, ndipo atapita kumudzi mu Disembala anangowapatsa moni pa maliro a munthu wina, n'kupitirira.

Mu Januwale, m'mawa wina akudikira basi pa geti, foni inalira. Nambala inali ya ku England. Anaiyang'ana mpaka inatsala pang'ono kuduka, kenako anayankha.

Anali Amira. Mawu ake anali asanasinthe. Anati ali pa ntchito yolongedza katundu, apuma pang'ono, ndiye anati amve mawu a achemwali. Anakamba za kuzizira, kuti dzuwa limalowa anthu asanaweruke, kuti Jamilu amagwira ntchito ziwiri ndipo saonana kwenikweni. Anati satuluka pafupipafupi, akaona galimoto ya apolisi mtima umathamanga. Husna anangomvetsera. Kenako Amira anati akudziwa kuti achemwali anakwiya.

"Koma inu mukanapita mukanabwerera," anatero. "Kwa inu unali ulendo wokaona malo. Ine inali njira yokhayo."

Husna anali atakonza mawu ambiri m'miyezi yonseyi, ena okalipa, ena ofunsa za tsiku la dzino, za misozi ija, za dzina lake limene linaipitsidwa m'nyumba imene anamupezeramo malo. Onsewo sanabwere.

"Ndinakuuza kuti maola awiri alionse," anatero. "Bwanji sunayambe wawaperekeza kuchimbudzi, kenako n'kumapita?"

Kumbali inayo kunamveka phokoso la makina ndi munthu akuitana m'Chingerezi. 

"Sitima ikanandisiya," anatero Amira.

Basi inali itakhota pakona, anzake ayamba kale kuima pamzere. Dalaivala anatsegula chitseko n'kukuwa kuti yalla, tiyeni msanga. Husna anamuuza Amira kuti galimoto ya kuntchito yafika, ndipo Amira anafunsa ngati angadzaimbenso tsiku lina. Husna anati masiku ano amagwira ntchito kwa bambo wina wodwala kwambiri ku Mirdif, foni amaizimitsa akalowa m'nyumba. Anadula, nakwera, nakhala pampando wa pawindo pafupi ndi mayi wa ku Uganda amene ankagona naye chipinda chimodzi. Mayiyo anamufunsa kuti amalankhula ndi ndani m'mawa chonchi nkhope itakwinyika. Husna anati ndi munthu wa kwawo, ndipo anamupempha kuti asendeze chikwama chake pang'ono.